Kugula kampani ya pa intaneti: milandu yakale ndi deta ya anthu zimagwera ndani?

Kamtedza92 analemba:

Moni akuluakulu nonse. Funso langa likuchokera pa malonda a Yahoo ndi Verizon. Mu 2016 Verizon inagwirizana ndi Yahoo kuti igule bizinesi yake pa $4.83 biliyoni. Patangopita miyezi iwiri kunamveka kuti deta ya anthu inabedwa kalekale malondawo asanayambe, ndipo pamapeto pake mtengo unangotsika ndi $350 miliyoni basi.

Pali zingapo zikundizunguza mutu. Ngati wogulitsa anakhala chete pa nkhani yaikulu chonchi, bwanji Verizon sinangoti malonda atha, aliyense kwawo? Nanga $350 miliyoni ija, yomwe ndi 7 peresenti chabe ya mtengo wonse, anaipeza bwanji? Ndikufunanso kudziwa zimene wogula ayenera kutsegula n'kuona ndi maso ake asanasaine, kaya kampaniyo ndi yaikulu kaya ya anthu khumi. Ndipo deta ya makasitomala, kodi imapita kwa mwini watsopano ngati matebulo ndi makompyuta a mu ofesi, kapena ili ndi malamulo akeake?

Amene mumagwira ntchito zimenezi, chonde ndipatseni tsatanetsatane. Zoti "pezani loya wabwino" ndikuzidziwa kale.

Nachisale_Malamulo analemba:

A Kamtedza, tiyambe ndi masiku, chifukwa theka la yankho lili momwemo.

Mgwirizano unasainidwa mu Julayi 2016. Verizon sinkagula Yahoo yonse. Masheya amene Yahoo inali nawo mu Alibaba ndi mu Yahoo Japan, omwe mtengo wake unkaposa kutali bizinesi ya imelo, nkhani ndi zotsatsa malonda, anatsala m'kampani yakale, yomwe pambuyo pake inasintha dzina n'kukhala Altaba. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako. Pa 22 Sepitembala 2016 Yahoo inalengeza kuti maakaunti osachepera 500 miliyoni anabedwa mu 2014. Pa 14 Disembala inalengezanso kuba kwina, kwa mu Ogasiti 2013, kokhudza maakaunti 1 biliyoni. Mu Febuluwale 2017 anakonzanso mgwirizano, mtengo n'kufika pa $4.48 biliyoni. Malonda anamalizidwa pa 13 Juni 2017. Mu Okutobala chaka chomwecho, Verizon itatenga kale makiyi, zinadziwika kuti kuba kwa 2013 kunakhudza maakaunti onse 3 biliyoni.

Tsono bwanji sanachoke? Mukasaina mgwirizano wotere simuchoka chifukwa choti mtima wawawa. Pakati pa tsiku losaina ndi tsiku lolipira pamadutsa miyezi, ndipo khomo lotulukira amalipanga lopapatiza mwadala. Wogulitsa amasaina mndandanda wa zotsimikiza, zimene maloya amati representations and warranties: kuti mabuku a ndalama ndi oona, kuti palibe mlandu wobisika, kuti sakudziwa za kuba kwa deta kulikonse. Koma ngakhale chimodzi mwa izi chipezeke chabodza, mapangano ambiri salola wogula kukana kulipira pokhapokha bodzalo litabweretsa chimene amati Material Adverse Effect, ndiye kuti kugwa kwakukulu kwa bizinesi yonse. Makhothi a ku Delaware, komwe milandu yambiri yotere ya ku America imaweruzidwa, amafuna umboni woti phindu la kampani lagwa kwa zaka, osati kwa miyezi ingapo. Pofika 2017 kunalibe mlandu ndi umodzi womwe umene khothi la kumeneko linalola wogula kuchoka pa chifukwa chimenechi. Woyamba unadza mu 2018, wa Akorn ndi Fresenius, makampani a mankhwala. Verizon ikanati ichoke, ikanakaima m'khothi kuyesa chimene chinakanika ena onse, uku anthu akutsegulabe imelo zawo za Yahoo m'mawa uliwonse. Komanso tisanamizane, bizinesiyo ankaifunabe kuti aiphatikize ndi AOL, kampani ina ya pa intaneti imene anagula mu 2015.

$350 miliyoni ija sinachokere m'masamu ena ozama. Zikalata zimene Yahoo inapereka ku SEC, bungwe loyang'anira msika wa masheya ku America, zinaonetsa kuti mkulu wa Verizon, Lowell McAdam, anatchulapo $925 miliyoni, mbali ya Yahoo n'kukana. Ananenerera monga zimakhalira pamsika uliwonse. Kwa ine chachikulu m'kukonzanso kuja ndi ndime ziwiri zimene manyuzi sanazilabadire kwenikweni. Ina inati ndalama za milandu ya makasitomala ndi zofufuza zina za boma azigawana theka theka, koma milandu ya eni masheya ndi ya SEC ikhale ya Altaba yokha. Inayo inati kuba kwa deta kuja sikudzawerengedwanso ngati chifukwa chochokera m'malondawo. Tinganene kuti Yahoo inalipira $350 miliyoni pogula chitsimikizo choti Verizon sithawa.

Mabilu anabwera pambuyo. Mu Epulo 2018 SEC inalipiritsa Altaba chindapusa cha $35 miliyoni, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa kwa aliyense wolemba malipoti a kampani. Achitetezo a Yahoo anadziwa za kuba kwa 2014 patangopita masiku ochepa, mu Disembala chaka chomwecho, ndipo nkhaniyo inafika kwa akuluakulu ndi kwa maloya a m'kati. Koma malipoti opita kwa eni masheya anapitiriza kunena kuti kampani "ikhoza" kuberedwa deta, ngati chinthu cha m'tsogolo. Kulemba kuti nyumba ikhoza kupsa pamene yapsa kale ndi bodza, ngakhale liwu lililonse palokha likhale loona. Maodita ndi maloya akunja sanauzidwe. Kuwonjezera apo, eni masheya analandira $80 miliyoni, ndipo mlandu wa ogwiritsa ntchito unathera pa $117.5 miliyoni. Loya wamkulu wa Yahoo, Ronald Bell, anatula pansi udindo, ndipo mkulu wa kampaniyo, Marissa Mayer, anataya bonasi yake.

Tibwerere kwa Altaba. Kugawana milandu theka theka kunatheka chifukwa wogulitsa anakhalapobe, ali ndi mabiliyoni m'manja. Nthawi zambiri mukagula kampani ya pamsika wa masheya, ndalama zimamwazikira kwa anthu masauzande ndipo mawa lake palibe womugwira malaya. Pogula kampani ya anthu ochepa ndi pamene pali zida zenizeni. Gawo la mtengo, kawirikawiri pafupifupi 10 peresenti, limasungidwa kwa munthu wachitatu ngati chikole, chimene amati escrow, kwa miyezi 12 mpaka 18. Google pogula YouTube pa $1.65 biliyoni mu 2006 inasunga 12.5 peresenti ya masheya olipirira kwa chaka chimodzi, ndipo mu Malichi 2007 Viacom inasumadi kufuna $1 biliyoni chifukwa cha mavidiyo oikidwa popanda chilolezo. Mlanduwo unatha mu 2014, chikolecho chitabwezedwa kalekale. Apa ndi pamene ogula ambiri amagwa: nthawi ya chikole imatha msanga kuposa nthawi imene vuto la deta limatenga kuti lionekere. Pa ndime za deta ndi chitetezo, limbirani zaka zitatu kapena kuposa, ndipo malire a chipukutamisozi chake akhale apadera, okwera kuposa a ndime wamba.

Yang'aniraninso mawu akuti "monga momwe wogulitsa akudziwira". Akalowa m'ndime ya kuba kwa deta, udindo wosonyeza kuti ankadziwa umagwera inu. Ngati simungawachotse, mgwirizano utchule maudindo a anthu amene kudziwa kwawo kukuwerengedwa, ndipo mkulu wa chitetezo cha makompyuta akhalemo, osati mabwana atatu apamwamba okha. Inshuwalansi ya zotsimikiza zija ilipo, koma siphimba vuto limene linadziwika musanasaine, ndipo nthawi zambiri imapatula chindapusa cha boma.

Mlonda_wa_Seva analemba:

Mayi Nachisale afotokoza za mapepala. Ine ndikambe za makina, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo sizioneka m'mafayilo amene wogulitsa wakusankhirani.

Onani kaye momwe Yahoo inaberedwa. Mu Malichi 2017 boma la America linatsegulira mlandu anthu anayi, awiri mwa iwo ogwira ntchito ku FSB, bungwe la ukazitape la ku Russia. Khomo loyamba linali imelo yachinyengo yotumizidwa kwa wantchito. Atalowa, anatenga kope la database ya ogwiritsa ntchito cha kumapeto kwa 2014, n'kufikanso pa chida cha m'kati chimene antchito ankasinthira maakaunti a anthu. Ndi zimene anapezazo ankatha kudzipangira ma cookie, tizizindikiro tija timene timauza seva kuti munthu walowa kale. Wokhala ndi cookie yotere safuna pasiwedi. Yahoo inanena kuti maakaunti pafupifupi 32 miliyoni analowedwa mwa njira imeneyi mu 2015 ndi 2016. Pa kuba kwa 2013, mapasiwedi anali osungidwa ndi MD5, njira yakale yobisira mapasiwedi yosavuta kuthyola, ndipo ena mwa mafunso achitetezo ndi mayankho ake anali osabisidwa n'komwe. Pasiwedi mutha kusintha lero. Dzina la kwawo kwa mayi anu simungasinthe.

Ndiye mukalowa kukafufuza, musafunse kuti "kodi mapasiwedi ndi otetezedwa?" chifukwa yankho lake ndi inde nthawi zonse. Muuzeni injiniya wawo atsegule tebulo la ogwiritsa ntchito inu mukuona, dzina ndi imelo zitaphimbidwa, akuonetseni mizere makumi awiri ya akale kwambiri ndi makumi awiri ya atsopano. MD5 imaoneka ndi zilembo ndi manambala 32. Pa njira zolimbirapo, ya bcrypt imayamba ndi $2a$ kapena $2b$ kenako nambala ya kulemera kwake, ya Argon2 imayamba ndi $argon2. Kusiyana kwake n'kwakukulu: GPU imodzi yamakono, chipangizo cha kompyuta chowerengera mwaliwiro, imayesa mapasiwedi a MD5 mabiliyoni pa sekondi, pamene pa bcrypt yoikidwa pa 12 imayesa masauzande ochepa chabe. Chifukwa chofunsira akale n'chakuti makampani ambiri amasintha njira kwa olembetsa atsopano okha, maakaunti ogona n'kutsala pa njira yakale mpaka kalekale.

Kenako ma log, kaundula wa zonse zochitika m'makina. Wogulitsa akati "palibe umboni woti tinaberedwapo", funsani kuti ma log amasunga masiku angati. Akati 30, chiganizo chawo chija chikungonena za mwezi watha. Mufune miyezi 12 ya ma log a kulowa kwa antchito, a zida za admin, ndi a deta yotuluka kunja. Musalandire lipoti lachidule lolembedwa ndi mabwana. Pemphani matikiti enieni a gulu la chitetezo a zaka zitatu mpaka zisanu, malipoti a penetration test, kuyesa kuthyola makina kochitidwa ndi akatswiri ololedwa, pamodzi ndi umboni woti zimene zinapezeka zinakonzedwa, ndi makalata onse amene analembera kampani yawo ya inshuwalansi. Muyang'anenso m'mabuku a ndalama. Mu 2016 Uber inalipira akuba $100,000 n'kuzilemba ngati mphotho ya wopeza chibowo, pobisa kuba kokhudza anthu 57 miliyoni. Nkhani inatuluka mu Novembala 2017, kampani ya SoftBank ili m'kati mokambirana zogula masheya a Uber, ndipo mu 2018 Uber inalipira maboma a zigawo za America $148 miliyoni. Ndalama yozungulira bwino yolipidwa kwa "katswiri" wosadziwika, yokhala ndi pangano losunga chinsinsi, ifunsidwe.

Malo amene deta imatayikira kawirikawiri si seva yaikulu yotetezedwa ija ayi. Ndi ma backup oiwalika, seva yoyeserera imene anaikamo deta yeniyeni ya makasitomala kuti ntchito ifulumire, makiyi a AWS (maseva obwereka a Amazon) olembedwa m'mbiri ya Git, momwe code ya pulogalamu imasungidwa, ndi akaunti ya injiniya amene anachoka zaka ziwiri zapitazo koma ikugwirabe. Tengani mndandanda wa antchito kwa a HR, muuyerekeze ndi mndandanda wa maakaunti a admin. Ntchito ya ola limodzi, koma imaulula zambiri.

Ngati mtengo wa kampaniyo wagona pa deta, lipirani akatswiri odziimira paokha achite compromise assessment pakati pa kusaina ndi kulipira. Amaika kapulogalamu kounikira pa maseva ndi malaputopu kwa milungu iwiri mpaka inayi, kufufuza ngati m'nyumbamo muli kale mlendo. Marriott inagula mahotela a Starwood mu 2016 osadziwa kuti akuba anali m'makina osungitsira malo kuyambira 2014. Anawatulukira mu Sepitembala 2018, zolemba za alendo pafupifupi 339 miliyoni zitakhudzidwa, ndipo mu 2020 ICO, bungwe loteteza deta la ku Britain, inalipiritsa Marriott £18.4 miliyoni. Wolipira anali wogula.

Tsiku lotenga kampani musalumikize netiweki yawo ku yanu. PayPal inagula TIO Networks pa $238 miliyoni mu Julayi 2017, mu Novembala n'kuimitsa ntchito zake itapeza zibowo pa chitetezo, mu Disembala n'kulengeza kuti deta ya anthu ofika 1.6 miliyoni ikhoza kukhala itabedwa, ndipo pambuyo pake inatsekeratu bizinesiyo. Ndalama zinapita, koma makina a PayPal sanakhudzidwe chifukwa anali asanaphatikizidwe. Sabata yoyamba sinthani makiyi onse osainira ma cookie ndi ma token, makiyi a API, mapasiwedi a database, ndipo aliyense wa admin alembetsenso njira yachiwiri yotsimikizira. Kusintha makiyi a cookie kumatulutsa aliyense pa akaunti yake, choncho a customer care achenjezedwe, apo ayi mafoni awaphulikira.

Chenjezo limodzi: pofufuza musakopere deta yeniyeni ya makasitomala kupita nayo kwanu malonda asanathe. Mukatero mwapalamula nokha mlandu umene mumafufuzawo.

Kamtedza92 analemba:

Zikomo kwambiri mayi Nachisale ndi achimwene a Mlonda, tsopano nkhani ya Altaba yandilowa. Ndiye kodi njira yachidule si kungogula katundu wa kampani, monga pulogalamu, dzina ndi database, n'kusiya kampaniyo ndi milandu yake kwa eni akale? Funso la deta ya makasitomala lija nalonso likudikirabe.

Nagama_Deta analemba:

A Kamtedza, deta ya anthu si tebulo. Imayenda ndi malonjezo amene anaperekedwa tsiku loitenga, ndipo amene waigula wagula ndi malonjezo omwe. Choyamba kuwerenga ndi privacy policy, osati ya lero yokha koma zonse zakale, chifukwa munthu amene analembetsa mu 2017 anavomera mawu a mu 2017. Internet Archive imasunga makope akale a masamba ambiri ngati wogulitsa akuti anataya. Mukufuna ndime yonena kuti deta ikhoza kusamutsidwa kampani ikagulitsidwa. Toysmart, sitolo ya zidole ya pa intaneti, inalonjeza kuti sidzapereka deta kwa wina aliyense. Itagwa mu 2000 n'kuyesa kugulitsa mndandanda wa makasitomala, FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, inasuma, ndipo mndandandawo unathera powonongedwa. Chimene chinkaoneka ngati chuma chinasanduka chosagulitsika chifukwa cha chiganizo chimodzi.

Ngakhale ndimeyo ilipo, imakulolani kupitiriza ntchito imene deta inatengedwera, osati kuyamba ina. Pansi pa GDPR, malamulo a deta a ku Ulaya amene anayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, mukagula katundu osati masheya, mwini wa deta wasintha, ndipo muyenera kudziwitsa anthuwo pasanathe mwezi umodzi. Chilolezo chotumizira anthu mauthenga otsatsa malonda sichisamuka chokha ngati chinaperekedwa kwa dzina la kampani yakale. Pemphani umboni wa chilolezocho: tsiku, mawu amene munthu anaona, ndi pomwe anadina. Mndandanda wa manambala 200,000 wopanda umboni wotere muuwerengere mtengo wochepa kwambiri. Ndipo yerekezani: ICO inalipiritsa nthambi ya Yahoo ya ku Britain £250,000 yokha, chifukwa kuba kwa 2014 kunagwa pansi pa lamulo lakale limene malire ake anali £500,000. Lero malire a GDPR ndi €20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene gulu la makampani limalowetsa pa chaka padziko lonse, chimene chakula pa ziwirizi, ndipo kuba kuyenera kunenedwa pasanathe maola 72. Taonani msampha wake: kampani yaing'ono ikalowa m'gulu lalikulu, 4 peresenti ija imayamba kuyezedwa pa gulu lonselo.

Nkhani ya Facebook ndi WhatsApp ikuonetsa mbali ina. Malonda analengezedwa mu Febuluwale 2014 pa $19 biliyoni. Mu Epulo FTC inalembera makampani onse awiri kuwakumbutsa kuti malonjezo a WhatsApp akhalebe. Ku European Commission, Facebook inanena kuti singathe kulumikiza modalirika maakaunti a Facebook ndi a WhatsApp mwa makina. Mu Ogasiti 2016 WhatsApp inasintha malamulo ake n'kuyamba kulumikiza manambala a foni. Mu Meyi 2017 Commission inalipiritsa Facebook €110 miliyoni, itapeza kuti njirayo inalipo kale mu 2014 ndipo antchito ankaidziwa. Yankho lililonse lopita ku boma pa nthawi ya malonda lidutse kaye kwa mainjiniya, osati kwa maloya okha.

Deta ya ana ndi moto wapadera. ByteDance inagula Musical.ly mu Novembala 2017, ndipo mu Febuluwale 2019 kunabwera chindapusa cha $5.7 miliyoni chifukwa pulogalamuyo inkatenga deta ya ana osakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo. Mlandu suwola.

Palinso ngozi yoti boma likane malondawo, ngakhale mutalipira kale. Facebook inagula Giphy mu Meyi 2020 pa $315 miliyoni. CMA, bungwe la ku Britain loona za mpikisano pa malonda, inafufuza, ngakhale Giphy inalibe ndalama zolowa kuchokera ku Britain, n'kulamula kuti igulitsidwe. Panjira inalipiritsanso £50.5 miliyoni chifukwa chosatsatira lamulo losunga makampani awiriwo padera kufufuza kuli m'kati. Mu 2023 Giphy inapita kwa Shutterstock pa $53 miliyoni. Adobe inasiya kugula Figma pa $20 biliyoni mu Disembala 2023 italephera kukhutiritsa akuluakulu a ku Ulaya ndi ku Britain, ndipo inalipira Figma $1 biliyoni monga momwe mgwirizano unanenera. Wogulitsa wanzeru amalimbira ndime imeneyi, chifukwa miyezi 15 yodikira imathawitsa antchito. Nthawi zina chopinga ndi mtundu wa deta: kampani ya ku China ya Kunlun inakakamizidwa ndi komiti ya boma la America yotchedwa CFIUS kugulitsa Grindr mu 2020, chifukwa pulogalamuyo inkasunga komwe anthu ali ndi zokhudza HIV.

Izi sizikuthera kunja kokha. Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024 yoyang'aniridwa ndi MACRA, Zambia ili ndi yake ya 2021, ndipo ku South Africa POPIA imalola chindapusa chofika R10 miliyoni. Pulogalamu yotumizira ndalama imene imatsatsa kwa abale okhala ku Britain imagwidwa ndi malamulo a deta a kumeneko ngakhale ofesi ili ku Blantyre. Malonda okhudza mayiko angapo a COMESA akafika mlingo wina amayenera kudutsa ku bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe komweku, ndipo a m'dziko muno mokha ali ndi CFTC, bungwe la Malawi loona za mpikisano pa malonda.

Nachisale_Malamulo analemba:

Mayi Nagama ayankha za deta. Ndiwonjezere pa funso logula katundu yekha, chifukwa ambiri amaiona ngati mankhwala a matenda onse.

Imathandizadi pa ngongole ndi milandu ina yakale, koma ili ndi mtengo wake. Kontrakiti iliyonse, ya seva, ya banki yolandirira malipiro, ya kasitomala wamkulu, iyenera kusamutsidwa payokha, ndipo zambiri zimafuna chilolezo cholembedwa cha mbali inayo. Laisensi ya boma kawirikawiri sisamuka n'komwe. Ngati mwatenga antchito omwewo, dzina lomwelo ndi makasitomala omwewo, makhothi ena amakuonani ngati kampani yomweyo yavala malaya ena. Ndipo monga a Mlonda anenera, mlendo amene ali mu seva sawerenga mgwirizano wanu. Akaba mawa, waba m'manja mwanu. Pogula masheya vuto limatembenuka: makontrakiti amakhala, koma fufuzani ndime ya change of control, imene imalola mbali inayo kuthetsa pangano mwini akasintha.

Malamulo a boma amene kampani inasainira amatsatanso kampaniyo. Twitter inali pansi pa lamulo la FTC kuyambira 2011, ndipo mu Meyi 2022 inalipira $150 miliyoni chifukwa chogwiritsa ntchito manambala a foni operekedwa pa chitetezo potsatsa malonda. Elon Musk anazipeza zonsezi zikumudikira. Iye anasaina kugula Twitter pa $44 biliyoni atasiya mwayi wofufuza kaye, mu Julayi 2022 n'kufuna kuchoka podandaula za maakaunti abodza. Twitter inakasuma ku Delaware kuti khothi limukakamize kugula, ndipo mu Okutobala analipira mtengo womwewo wa $54.20 pa sheya.

Chomaliza chimene sichinatchulidwe: kodi pulogalamuyo ndi yawodi? eBay inagula Skype mu 2005 pa $2.6 biliyoni, koma luso lapakati loyendetsa mafoniwo linatsala m'manja mwa Joltid, kampani ya amene anayambitsa Skype, ndipo Skype inkangobwereka. Mu 2009, eBay ikufuna kugulitsa, mkangano wa laisensi unabuka, n'kutha eni Joltid atapatsidwa 14 peresenti ya Skype. M'makampani aang'ono vuto lomweli limabwera kudzera mwa aganyu. M'malamulo a mayiko ambiri, code imene walemba wantchito wolembedwa ndi ya kampani, koma imene walemba waganyu ndi yake mpaka atasaina kalata yoipereka, ngakhale munamulipira. Tengani mayina onse a m'mbiri ya Git, muyerekeze ndi makalata osainidwa, ndipo osowawo asaine ndalama zisanatuluke, chifukwa akamva mtengo wa malonda siginecha imadula. Yendetsaninso chida chounika malaisensi a open source: laisensi yotchedwa AGPL ikapezeka yosakanizidwa m'pulogalamu imene anthu amaigwiritsa ntchito pa intaneti, mukhoza kukakamizidwa kupereka code yanu kwa ogwiritsa ntchitowo.

Domain, akaunti ya Google Play ndi ya App Store, tsamba la Facebook ndi akaunti ya AWS nthawi zambiri zimapezeka zili pa imelo ya mwini woyamba kapena ya mnzake amene anamuthandiza kalelo. Zisamutsidwe kupita m'dzina la kampani milungu ingapo tsiku lolipira lisanafike, chifukwa makampani ambiri olembetsa ma domain amatseka kusamutsa kwa masiku 60 dzina la mwini likangosinthidwa.